Kugawa ndi Kubzala Maluwa Okhalitsa Nthawi ya Masika ku Durban

Mau amene mlangizi wa zaulimi analankhula kwa a Malawi osamala minda ya maluwa m'nyumba ndi m'manazale a mu mzinda wa Durban

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumapuma tsiku limodzi lokha pa mlungu, ndipo lero mwalipereka ku msonkhano uno. Ena mwachokera ku Isipingo, ena ku Inanda, ena mwatsika kuchokera ku Hillcrest kukadali nkhungu. Tsono sindizungulira.

Nkhani yathu ndi ya maluwa okhalitsa. Pali maluwa amene moyo wake uli ngati wa chimanga: mukafesa amamera, amachita maluwa, amabereka njere kenaka n'kuuma, ndipo chaka chamawa mumayambanso. Palinso ena amene moyo wake uli ngati wa nthochi kapena nsenjere. Amenewa mukabzala kamodzi amakhala zaka zambiri, phata lake limakula chaka ndi chaka ndipo limabereka ana m'mbali. A mtundu wachiwiriwu ndiwo tikukamba lero. M'minda imene mumagwiramo ntchito alimo ambiri, monga Agapanthus amene anzathu achizulu amamutcha ubani, Clivia amene amati umayime, Dietes, Strelitzia, Tulbaghia ndi Plectranthus. Maina amenewa ndi achilatini, ndipo ndi bwino kuwaloweza chifukwa ndi omwe amalembedwa pa timapepala ta ku nazale.

Kalendala imene tinabwera nayo

Ife a Malawi tinakulira mu kalendala imodzi. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala aliyense amathamangira kumunda, ndipo wobzala mochedwa ndiye amadzalira njala. Pa chimanga kalendala imeneyi ndi yoona. Vuto ndi lakuti tinaisenza m'mitu mwathu mpaka kuoloka nayo pa Beitbridge, ndipo ine ndemwe inandipweteka. Chaka changa choyamba muno, ndisanayambe ntchito ya ulangizi, ndinkasamala munda wa banja lina ku Berea. Mvula ya Novembala itagwa ndinaona bedi la Agapanthus lothithikana, ndipo pofuna kuonetsa khama ndinalizula lonse, n'kuligawa, n'kulibzalanso bwinobwino m'mizere. Sindinadziwe kuti pakati pa masamba aja panali patayamba kale kutuluka timitu ta maluwa a nthawi ya Khirisimasi. Chaka chimenecho bedi lija linachita maluwa owerengeka, ndipo mbeu zina zinaolera pansi ndi kutentha kwa Januwale. Ntchito sinandithere, koma kwa miyezi itatu eni nyumba sanandilole kugwira foloko yokumbira popanda wondiyang'anira.

Tiyeni tione chimene chinalakwika. Durban amalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Mu Januwale ndi Febuluwale masana kumatentha madigiri 28 kapena kuposerapo, ndipo mpweya umakhala wa chinyezi chambiri monga mwa ku Nkhata Bay nthawi ya dzinja. Mbeu imene mwaidula mizu nyengo yotereyi imakumana ndi mavuto awiri. Masamba ake amataya madzi ambiri chifukwa cha dzuwa pamene mizu yoti imwe madzi yachepa. Komanso mabala a pa mizu amaola msanga m'dothi lotentha ndi lonyowa.

Kuyambira pakati pa Malichi mpaka Meyi zinthu zimasintha. Iyi ndi nyengo imene kwathu timaitcha masika. Dzuwa limafatsa ndipo usiku umayamba kutalika, choncho masamba sataya madzi ambiri. Koma nthaka imachedwa kuzizira kusiyana ndi mpweya. Kutentha kwa miyezi yapitayo kumakhala kukadali m'dothi, chinyontho cha mvula chikadalimonso, ndipo izi ndi zimene mizu yatsopano imafuna. Kugombe kuno kulibe chisanu chowaula mbeu, pakuti ngakhale mu Julayi usiku kuzizira kumangofika madigiri 10 kapena 11, kotero kuti mizu siileka kukula. Mbeu imene mwabzala mu Epulo imakhala ndi miyezi inayi kapena isanu yozika mizu mphepo yotentha yochokera kumtunda isanayambe kuomba mu Ogasiti ndi Seputembala. Pa masika chimene tikulima ndi mizu. Bwana akakufunsani chifukwa chake bedi likuoneka losasangalatsa mu Meyi, mumuuze zomwezi.

Kunena zoona kalendala iyi si yachilendo kwa ife. Kwathu mvula ikamatha ndi pamene timatsikira kudimba kukabzala mpiru, tomato ndi anyezi pa chinyontho chotsala. Ingoganizani kuti bedi la maluwa okhalitsa ndi dimba, si munda wa chimanga ayi.

Inu a ku Kloof, Hillcrest ndi Botha's Hill muli pamtunda, mamita oposa 500 kuchokera pa nyanja. Kwanuko nyengo imafanako ndi ya ku Bvumbwe ndi Thyolo nthawi ya chiperoni, ndipo m'zigwa chisanu chimatha kuwaula masamba mu Juni ndi Julayi. Inu yesetsani kutsiriza ntchito yogawa mwezi wa Epulo usanathe. A kugombe mukhoza kupitiriza mpaka kumapeto kwa Meyi.

Dothi lofiira limene si katondo

Minda yambiri ya pa Berea, ku Durban North ndi ku Umhlanga ili pa dothi lofiira. Mmalawi akaliona amakondwa poganiza kuti ndi katondo wa ku Lilongwe. Limeneli si katondo. Ndi mchenga wa milu yakalekale ya m'mphepete mwa nyanja, umene unafiira chifukwa cha dzimbiri la chitsulo chopezeka m'dothimo. Katondo amasunga madzi ndi chakudya cha mbeu, pamene mchenga uwu umazitaya msanga. Kuti mudziwe dothi limene muli nalo, tapani lonyowa pang'ono ndi kulipotokola pakati pa zikhatho monga mukuumba chingwe. Likamwazika ndi mchenga. Likaumbika n'kumamata m'manja ndi dothi lolemera longa makande, limene limapezeka m'zigwa zina ndi m'madera ena a kumtunda.

Mankhwala a mitundu yonse iwiri ndi amodzi, manyowa a kompositi oola bwino. Pa mchenga amagwira madzi, pa dothi lolemera amatsegula mipata yoti madzi ndi mpweya zidutse. Yalani manyowa okhuthala masentimita 5 mpaka 8 pamwamba pa bedi. Wilibala imodzi yodzaza imakwanira malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Kenaka tembenuzani ndi foloko mpaka kuya kwa masentimita 30. Manyowa oola bwino amakhala akuda, ozizira, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Zitosi za nkhuku zosaola musaziyandikize ku mizu yodulidwa kumene, zimaotcha. Pa dothi lolemera kwezani bedi masentimita 15 kuti madzi asadikhe.

Za feteleza ndinenepo pang'ono, chifukwa manambala a pa matumba a kuno amasokoneza ambiri. Ife tinakula ndi feteleza wa chitowe, uja wa 23:21:0+4S, ndipo tinazolowera kuti manambala aakulu ndiye mphamvu. Kuno mukaona thumba lolembedwa 2:3:2 (22) musaganize kuti akukugulitsani dothi. Nambala yotsirizayo, 22, ikutanthauza kuti pa makilogalamu 100 alionse, makilogalamu 22 ndiwo chakudya cha mbeu. Manambala atatu oyambawo akuonetsa m'mene makilogalamu 22 aja agawidwira: magawo awiri ndi nayitirojeni wokulitsa masamba, atatu ndi fosiforasi wothandiza mizu, awiri ndi potaziyamu. Pobzala nthawi ya masika feteleza ameneyu ndi woyenera. Thirani magalamu 60, ndiko kuti dzanja limodzi lodzaza, pa malo a mita imodzi mbali zonse, ndipo musakanize bwino ndi dothi. Ena amakonda ufa wa mafupa, dzanja limodzi pa phando lililonse. Ndi wabwino, koma pa nyumba pamene pali agalu mudzapeza atafukula mbeu zonse. Feteleza wa LAN, amene amagwira ntchito ngati CAN wa kwathu, musungireni kapinga ndi nyengo ya mvula. Mukathira pa masika mbeu imatulutsa masamba ofewa ambiri mizu isanakhwime, ndipo masamba oterewa ndi phwando la nkhono.

Kagawidwe ka Agapanthus

Nditenga Agapanthus praecox kukhala chitsanzo chifukwa ali pafupifupi m'munda uliwonse, ndipo amene wadziwa kugawa ameneyu sangavutike ndi enawo. Amachita maluwa obiriwira ngati thambo kapena oyera kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Febuluwale. Nthawi yabwino yomugawa ndi pamene wangomaliza maluwa, mu Malichi, ndipo mukachedwa musapyole Epulo. Sagawidwa chaka ndi chaka. Kamodzi pa zaka zinayi n'kokwanira. Phata lofunika kugawa limadzionetsa lokha: mizu imatukumuka pamwamba pa dothi, pakati pake pamayamba dazi, ndipo maluwa amachepa ngakhale mukuthirira.

Thirirani phatalo madzi ambiri dzulo lake. M'mawa mwake, kapena madzulo dzuwa litapendeka, kumbani mozungulira motalikira masentimita 20 kuchokera pa masamba, ndipo mulinyamule lonse. Ndi lolemera, choncho musachite manyazi kuitana mnzanu, msana ndi umodzi. Likakhala pansi kutumulani dothi kuti muone pamene ana alumikizana. Mizu yake ndi yoyera, yonenepa ngati zala, yolukanalukana. Ngati muli ndi mafoloko awiri, alaseni pakati pa phata moyang'anitsa misana, kenaka mukankhe zigwiriro zake mosiyanitsa, ndipo phatalo lidzang'ambika lokha m'malo ofooka. Ngati mulibe, chikwanje chakuthwa chimagwira ntchito, monga momwe timachotsera mwana wa nthochi. Chikhale chonola ndi chotsuka, pakuti chobuntha chimaphwanya m'malo modula, ndipo pophwanyika ndi pamene kuola kumayambira.

Pano pali chinthu chofunika kugwirizana ndi eni munda musanadule. Mukagawa tizidutswa ta mphukira imodzi imodzi mupeza mbeu zambiri, koma zambiri mwa izo zidzatenga chaka china kapena ziwiri kuti zichite maluwa. Mukasiya mphukira zitatu kapena zinayi pa chidutswa chilichonse mbeu zichepa, koma maluwa mudzawaona Disembala yemweyu. Kutsogolo kwa nyumba, kumene alendo amaona, ine ndimasankha zidutswa zazikulu. Tating'ono ndimatibzala kuseri kapena m'machubu.

Chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba, kachigawo ka tsinde la pansi, ndi mizu yake. Pakati pa phata pamene pakalamba ndi pofewa ndi poola ponse tayani. Dulani masamba ndi theka. Mizu nayo ifupikitseni kuti patsale gawo limodzi mwa magawo atatu. Ambiri amachita mantha pamenepa, koma mizu yaitali yakale ikapindika m'dzenje imangoola, pamene yodulidwa bwino imaphuka yatsopano. Masamba tawadula kuti agwirizane ndi mizu yotsalayo. Pa mabala aakulu wazani phulusa la nkhuni louma. Bzalani tsiku lomwelo, ndipo zimene zikudikira zikhale pamthunzi mutazifunditsa chiguduli chonyowa.

Mapando atalikirane masentimita 40 mpaka 50. Kuya kwake ndi kumene anthu ambiri amalakwitsa. Khosi la mbeu, paja pamene masamba akumana ndi mizu, likhale pa mlingo wa dothi monga linalili poyamba. Mukalikwirira limaola, mukalisiya pamtunda mizu imauma. Tsinderani dothi ndi manja, osati ndi chidendene cha jombo, kenaka thirani madzi ambiri kuti dothi ligwirane ndi mizu. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, popeza utomoni wa Agapanthus umayabwa pakhungu ndipo umatupitsa m'kamwa.

Phata limodzi lalikulu limatha kutulutsa mbeu 8 kapena 10, ndipo bedi silingazilandire zonse. Zotsalazo ndi za eni munda. Pemphani poyera. Ambiri amalola mosavuta, ndipo zimene akupatsani mukaziika m'machubu ndi kuzisamala miyezi itatu zimasanduka mbeu zogulitsa. Koma amene watuluka nazo pa geti m'chikwama osapempha wagulitsa ntchito yake pa mtengo wa maluwa awiri, ndipo waipitsa dzina la a Malawi ena onse ofuna ntchito mu msewu umenewo.

Musaipeputse ntchito iyi yochotsa ana pa phata. Mukapita ku Durban Botanic Gardens, munda umene unayamba mu 1849 ngati malo oyeserapo mbeu monga nzimbe ndi khofi, mukaona mtengo wonga kanjedza wotchedwa Encephalartos woodii. John Medley Wood, amene anayang'anira mundawu kuyambira 1882 mpaka 1913, anaupeza m'nkhalango ya oNgoye mu 1895. Linali phata limodzi lokha, lalimuna, ndipo waukazi sunapezekepo, choncho subereka njere. Kuthengo unatha. Mitengo yeniyeni ya mtunduwu imene ili m'minda ya maiko osiyanasiyana lero inachokera ku phata limodzi lija, ku ana ochotsedwa pa phatalo ndi ku zidzukulu zake.

Dietes grandiflora, uja wa masamba onga lupanga ndi maluwa oyera, mugaweni chimodzimodzi, koma mapesi ake a maluwa pa mbeu zimene simunazule musawadule, chifukwa phesi lomwelo limachitanso maluwa chaka chinacho. Tulbaghia violacea, wonunkha ngati adyo, amagawika ndi manja okha ndipo mapando ake ndi masentimita 20 mpaka 25. Gerbera ndiye sakhululuka pa nkhani ya khosi: dothi likangolowa pa mtima pake, wapita.

Amene muyenera kuwasiya

Si maluwa onse okhalitsa amene amagawidwa pa masika. Lamulo lake ndi lomwe ndinaphunzira ku Berea: mbeu imene ili pafupi kuchita maluwa, kapena ili m'kati mochita, isiyeni.

Clivia miniata amachita maluwa mu Ogasiti mpaka Okutobala, ndipo kuzizira kwa miyezi ikubwerayi ndiko kumadzutsa phesi lake. Mukamuzula tsopano mukhoza kutaya maluwa a chaka chino. Dikirani amalize. Ngakhale pamenepo musafulumire, pakuti Clivia amachita bwino akathithikana. Chimene mungachite pa masika ndi kubzala wa m'chubu pansi pa mtengo, pamthunzi, osasokoneza mizu yake, ndi kumuyalira masamba oola pamwamba. Zipatso zake zikafiira m'nyengo yozizira, sendani khungu, tsukani njere ndi kuzikanikiza pang'ono pa kompositi wosakaniza ndi mchenga, osazikwirira kwambiri. Zidzachita maluwa patapita zaka zitatu kapena zinayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Plectranthus ecklonii ndi Leonotis leonurus ndiwo akukongoletsa minda panopa, woyambayo pamthunzi, winayo padzuwa pamene timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa tikumuzungulira. Asiyeni amalize, mudzawadulire kumapeto kwa nyengo yozizira. Kniphofia wa mtundu wochita maluwa nthawi yozizira ndi Aloe arborescens, yemwe uja amameranso m'matanthwe a ku Mulanje ndi Zomba, akukonzekera maluwa a Meyi mpaka Julayi. Strelitzia reginae angathe kugawidwa, koma muuzeni bwana asanavomere kuti chidutswa chimatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti chiyambenso kuchita maluwa bwino.

Mukatumidwa kukagula mbeu ku nazale, musatengeke ndi imene yadzaza maluwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yang'anani pansi pa chubu. Ngati mizu yatulukira kunsi ndi kupotana ngati nkhata, mbeuyo yakhalitsa m'chubumo, ndipo pobzala muyenera kuimasula ndi zala kuti ilowe m'dothi latsopano.

Malo otsetsereka

Ndanena kuti pa masika mvula imachepa, koma Durban ali ndi khalidwe lina loopsa mwezi wa Epulo. Pa 22 Epulo 2019, Lolemba la Pasaka, kunagwa chimvula chimene chinagumula nyumba ndi kupha anthu ambiri kumwera kwa mzinda uno. Pa 11 ndi 12 Epulo 2022 madera ena analandira mamilimita oposa 300 m'maola 24 okha, ndipo anthu oposa 400 anataya miyoyo m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Ambiri muli pano munaziona ndi maso, ndipo ena munataya katundu ngakhale abale. Sindikunena kuti maluwa angaletse phiri kugumuka. Chimene ndikunena ndi chaching'ono: mchenga wofiira uja ukatipulidwa n'kusiyidwa pambalambanda pa malo otsetsereka, mvula ya usiku umodzi imaukokolola wonse pamodzi ndi manyowa anu, n'kukatseka ngalande ya nyumba ya kumunsi.

Choncho pa malo otere musazule bedi lonse tsiku limodzi. Gawani mzere umodzi, bzalani, phimbirani, ndipo wotsatira mudzauyambe patapita milungu iwiri kapena itatu. Mizere idule phiri mopingasa monga akalozera amene alangizi anatiphunzitsa kwathu, ndipo mapando a mzere wachiwiri akhale pakati pa mipata ya mzere woyamba kuti madzi asapeze njira yolunjika. Agapanthus ndi Dietes akakhazikika mizu yawo imamanga dothi la pamwamba bwino kwambiri. Mvetseraninso za nyengo pa wailesi. Akachenjeza za mvula yamphamvu, foloko ipume.

Madzi ndi tizirombo

Milungu iwiri yoyamba thirirani masiku awiri kapena atatu alionse ngati mvula sinagwe. Kenaka kamodzi pa mlungu n'kokwanira, koma madzi ake alowe pansi: makeni awiri a malita 10 pa malo a mita imodzi mbali zonse. Kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku kumazoloweretsa mizu kukhala pamwamba. Thirirani m'mawa kuti masamba aume usiku usanafike. Amene munali kuno mu 2015 ndi 2016 mukukumbukira madzi a m'damu la Hazelmere atachepa kwambiri ndi madzi akuperekedwa moyeza. Minda ya maluwa okhalitsa a dziko lino, ozika mizu bwino, ndiyo inapirira.

Phimbirani bedi ndi masamba ouma kapena makungwa ogaya okhuthala masentimita 5, koma musiye mpata wa zala zinayi kuzungulira khosi la mbeu, kuopa kuola ndi chiswe. Masamba amene mumasesa pa masika n'kuwaika m'matumba a zinyalala ndiwo zophimbira zimenezi.

Mdani wamkulu wa Clivia ndi Crinum ndi mbozi yakuda ya mawanga achikasu, Brithys crini. Imalowa m'kati mwa tsamba n'kumadya chotsika mpaka pa mtima wa mbeu, ndipo imavuta miyezi yotentha mpaka mu Epulo. Yenderani mbeu kawiri pa mlungu, yang'anani kunsi kwa masamba kumene gulugufe wake wa usiku amaikira mazira m'magulu, phwanyani mazirawo, ndipo tsamba limene mbozi yalowamo lidulidwe ndi kuwonongedwa. Pakati pa masamba a Clivia ndi Agapanthus pamabisalanso tizirombo toyera ngati ufa, abale ake a kodikodi wa chinangwa. Tikakhala tochepa, nsalu yonyowa ndi madzi a sopo imakwanira. Nkhono zitoleni madzulo ndi tochi. Mankhwala opha nkhono ndi oopsa kwa agalu ndi ana, musawathire eni nyumba osadziwa.

Deliya ndi malamulo a dziko lino

Mwezi wa Epulo mpaka Juni m'mbali mwa misewu ya Durban mumayera chikasu ndi duwa limene Mmalawi aliyense amalidziwa, deliya, amene pa chilatini ndi Tithonia diversifolia. Kwathu ndi bwenzi la mlimi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a kafukufuku ku Kenya, ku Malawi ndi maiko ena anaonetsa kuti masamba ake ali ndi nayitirojeni pafupifupi magawo 3.5 pa 100 alionse akauma, ndipo amaola msanga, choncho alimi analimbikitsidwa kuwakwirira m'minda ngati manyowa. Ndakumanapo ndi anzathu angapo amene anadula timitengo ta deliya pamsewu n'kukabzala kuseri kwa nyumba ya bwana ndi mtima wabwino ndithu.

Kuno zimenezo ndi mlandu. Deliya kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo m'nyengo yofunda ndi yonyowa ya kugombe kuno amafalikira mpaka kupha zomera za chilengedwe. Pansi pa lamulo la South Africa loteteza zachilengedwe la 2004, lodziwika kuti NEMBA, boma linatulutsa mu 2014 mndandanda wa zomera zolanda malo, ndipo linaukonzanso mu 2020. Deliya ali m'gulu la 1b. Zomera za gulu limeneli siziloledwa kubzalidwa, kuchulukitsidwa, kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wina, ndipo mwini malo ayenera kuzichotsa. M'gulu lomweli muli Lantana camara, mitundu ya Hedychium yonga jinja ya maluwa onunkhira imene yadzaza m'minda yakale ya ku Kloof, ndiponso, m'chigawo chino, Sphagneticola trilobata, kaja koyanga pansi ka maluwa achikasu. Hedychium ndiye msampha weniweni pa nkhani yathu ya lero, chifukwa ndi duwa lokhalitsa lokongola, ndipo limagawika mosavuta kuposa onse. Mukalipeza m'munda uzani eni ake, kumbani tsinde lonse la pansi, ndipo musalitaye kuseri kwa mpanda kapena kumtsinje, limaphukanso. Deliya mukamuzula asanachite njere, masamba okha mukhoza kuwaika pa mulu wa kompositi, koma mitengo yake iyambe yaumiratu padzuwa.

Mbali ina ya lamulo ndi ya zomera za dziko lino. Clivia wakuthengo wachepa kwambiri chifukwa chokumbidwa kukagulitsa ngati mankhwala ndi ngati maluwa. Kukumba iyeyu kapena maluwa ena otetezedwa m'nkhalango, monga ku Krantzkloof kapena ku Burman Bush, popanda chilolezo cha Ezemvelo KZN Wildlife ndi mlandu, ndipo kwa mlendo mlandu umodzi umadzutsa ina. Phata la m'munda likupatsani mbeu zokwanira.

Ena mwandifunsa panja paja ngati mungatenge ana a Agapanthus popita kumudzi pa Khirisimasi. Ku Zomba, Dedza ndi Mzuzu amachita bwino, ndipo alipo kale m'minda yambiri kumeneko. Koma mbeu yamoyo siidutsa malire popanda chilolezo cha ku Malawi ndi chikalata cha kuno chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndipo dothi la ku mizu ndilo limanyamula tizirombo tosaoneka ndi maso. Za chilolezo funsani a nthambi yoteteza mbeu ku malo a kafukufuku a Bvumbwe kapena Chitedze musananyamuke. Kumbukiraninso kuti Disembala ndi mwezi umene Agapanthus ali pa maluwa, mwezi womwe ine ndinalakwira uja.

Wapampando, panja apo atikonzera phata limodzi la Agapanthus limene lathiriridwa dzulo, mafoloko awiri ndi chikwanje. Ndipempha anthu anayi, awiri abambo awiri amayi, kuti adzagwire zida, enafe tizungulire tione. Mafunso tikayankhira komweko.